Aphunzitsi a m'komboni omwe mbiri idawadumpha

Pa 5 Okutobala chaka chilichonse, aphunzitsi a mu Lusaka amavala zitenje zofanana n'kuguba pa tsiku lawo. Pamakhala mawu akuti ana a m'komboni adapulumuka ndi ndalama za mabungwe akunja. Koma okhala ku Kanyama ndi ku Chawama amakumbukira zina.

Makomboni ngati George adamera pa mafamu a azungu, kunja kwa mapulani a tauni, ndipo sukulu kudalibe. Lamulo la 1974 ndilo lidawavomereza. Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zomangira makalasi zidauma, anthu akuchulukirachulukira.

Pofika m'ma 1990, fizi ndi yunifolomu zidatsekereza ana ambiri pakhomo, Edzi nayo ikusiya amasiye nyumba ndi nyumba. Apa mpamene adatulukira mphunzitsi wodzipereka: mayi kapena mnyamata wa Giredi 12, wopanda pepala la kukoleji. Ankabwereka tchalitchi pakati pa sabata, n'kupaka khoma penti yakuda kuti likhale bolodi, ana atakhala pa mabuloko. Malipiro ake adali tindalama tosonkha makolo, mwezi wina osaoneka n'komwe.

Bungwe la Zambia Open Community Schools, lothandiza sukulu zoterezi, lidayamba mu 1992. Ndondomeko ya maphunziro ya 1996 idatsegulira anthu khomo loyendetsa sukulu zawo, pulayimale idakhala yaulere mu 2002, ndipo lamulo la 2011 lidazindikira sukulu za komyuniti.

Kolera yomwe idabuka mu Okutobala 2017 idaulula mmene sukuluzi zidalili. Mu Januwale 2018 sukulu sizidatsegulidwe pa tsiku lake, ku Kanyama anthu adaletsedwa kuyenda usiku, ndipo odwala adagona ku Heroes Stadium. Kuti sukulu itsegulidwe pankafunika madzi abwino ndi zimbudzi zokwanira, zinthu zomwe komboni yomwa m'zitsime zosazama idalibe. Mphunzitsi wosalipidwa yemweyo ndiye adayenda kufunafuna ndowa, sopo ndi kolorini. Vuto silidali ulesi wake, koma mzinda womwe udakula mopitirira mipope yake.

Mu 2022 maphunziro adakhala aulere mpaka Giredi 12, ndipo boma lidalemba aphunzitsi oposa 30,000. Ambiri mwa odzipereka aja, poti alibe mapepala, adatsala panja. Akalambira pa choko opanda penshoni, ndipo tsiku la aphunzitsi liyenera kuwaitana kutsogolo akadali moyo.