Likulu Likasamuka, Apindula Ndani?

 Lero tikamba za mpikisano umene umachitika pamene mizinda ndi zigawo zikulimbirana chinthu chachikulu, monga likulu la boma, likulu la kampani kapena sukulu ya ukachenjede. Tiyambira kutsidya la nyanja, kenaka tibwerera kwathu, ndipo tikatsirizira ku Mitundu ndi ku Nathenje, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe.

M'mwezi wa September 2017, kampani ya Amazon, imene imagulitsa katundu kudzera pa intaneti ndipo likulu lake lili ku Seattle m'dziko la America, inalengeza kuti ifuna kumanga likulu lachiŵiri. Inalonjeza ntchito zokwana 50,000 ndi kuthirapo ndalama zokwana madola 5 biliyoni. Mizinda ndi zigawo 238 zinatumiza makalata odzichemerera, ina ikulonjeza malo, ina kuchepetsa misonkho. Mu November 2018 kampaniyo inasankha malo aŵiri: Arlington m'chigawo cha Virginia, ndi Long Island City mu mzinda wa New York. Koma anthu ambiri a ku New York anakwiya atamva kuti kampani yolemera chotero ipatsidwa mwayi wa ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni, ndipo anaopanso kuti lendi ya nyumba ikwera mpaka eni dera adzathaŵa. Mu February 2019 Amazon inaleka za ku New York. Mzinda umene unapambana mpikisano unatsala chimanjamanja.

Ife Amalaŵi mpikisano wotere timaudziŵa, chifukwa unachitika pakati pathu, ndipo chimene chinali kulimbiranidwa chinali likulu la dziko lenileni.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Blantyre mu 1876, ndipo amalonda a kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, anawatsatira posachedwa. Mu 1891 Harry Johnston anaika likulu la boma la atsamunda ku Zomba, patsinde pa phiri la madzi ozizira ndi mphepo yabwino. Sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre mu 1908, chaka chomwecho chimene kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe. Motero boma, malonda, njanji ndi minda ya Azungu, zonse zinaunjikana ku mapiri a Chigawo cha Kumwera.

Nanga Lilongwe? Pa nthaŵi imeneyo anali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, pafupi ndi mudzi wa mfumu Njewa, ndipo kanakhazikika ngati malo oyendetserapo ntchito za boma mu 1904. Chimene chinakweza dzina lake ndi nthaka. M'zaka za m'ma 1920 Azungu aŵiri, Barron ndi Wallace, anayamba kugaŵira anthu mbewu ya fodya wochiza ndi utsi, ndipo ulimiwo unafalikira msanga m'chigwa chonse. Mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira fodya wa alimi a m'midzi. Koma fodyayo akagulidwa m'misika, ulendo wake unali wa kumwera. Ngakhale okushoni itatsegulidwa mu 1938, inatsegulidwa ku Limbe. Njanji nayo, itatalikitsidwa mu 1935, inakathera ku Salima, Lilongwe n'kumusiya pambali. Wolima anali wa Pakati, koma fakitale, banki ndi malipiro a pamwezi zinali Kumwera.

Dr. H. Kamuzu Banda ankanena kaŵirikaŵiri kuti maganizo osamutsa likulu anamufikira ali m'ndende ku Gwelo, kumene anatsekeredwa kuyambira March 1959 mpaka April 1960. Maganizowo anali atatu: likulu lipite ku Lilongwe, Zomba alandire sukulu ya ukachenjede, ndipo m'mbali mwa nyanja mudutse msewu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, nkhaniyo inatuluka poyera, ndipo mkangano unabuka.

Oikira kumbuyo Lilongwe anati ali pakati pa dziko, kotero munthu wa ku Karonga sadzayendanso mtunda wonse kuti akaonane ndi boma. Anatinso malo ake ndi athyathyathya, okula mosavuta, pamene Zomba ndi wopanikizika ndi phiri, ndiponso kuti likulu lidzakokera chitukuko ku Chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto. Otsutsa anati dziko losauka lisataye ndalama pomanga maofesi pamene ana alibe sukulu ndipo odwala alibe zipatala. Ena anati ngati kusamuka n'kofunika, bwanji osapita ku Blantyre, kumene nyumba, magetsi, njanji ndi bwalo la ndege la Chileka zinalipo kale? Panalinso ena amene ankanong'ona kuti Pulezidenti akukokera likulu kufupi ndi kwawo ku Kasungu.

Boma la Britain, limene pa nthaŵiyo linkathandiza Malaŵi ndi ndalama zoyendetsera boma, linakana kulipira ntchitoyo. Apa Dr. Banda anatembenukira ku South Africa, dziko limene linali pansi pa ulamuliro wa tsankho. Maiko aŵiriŵa anakhazikitsa ubale wa akazembe mu 1967, ndipo mu 1968 South Africa inapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, loti limange mzinda ndi kukopa a makampani kuti adzamangemo. Paja akulu anati walira mvula walira matope. Mtengo wa ngongoleyo sunali wa ndalama zokha: maiko ambiri a mu Africa, amene ankalimbana ndi tsankho, anayang'ana Malaŵi ndi diso lofiira kwa zaka zambiri. Panalinso mtengo wina umene unagwera anthu wamba. Midzi imene inali pamalo osankhidwawo inasamutsidwa, eni ake n'kusiya minda, mitengo ya mango ndi manda a makolo awo.

Mu January 1975 Lilongwe analengezedwa kukhala likulu la Malaŵi. Sitinali tokha pa njira imeneyi: Brazil anatsegula Brasília mu 1960, Tanzania anasankha Dodoma mu 1973, ndipo Nigeria anasamukira ku Abuja mu 1991. Zomba sanatsale wopanda kanthu, pakuti Chancellor College inasamukira kumeneko kuchokera ku Chichiri mu 1973, ndipo Nyumba ya Malamulo inapitiriza kukumana komweko mpaka m'zaka za m'ma 1990. Nyumba yake yatsopano ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2010. Blantyre nayenso anasunga udindo wake monga mzinda wa malonda, ndipo makampani ambiri sanasunthe malikulu awo ngakhale anakopedwa.

Chiŵerengero cha anthu chimaonetsa kukula kwa chimene Lilongwe anapata. Mu 1966 m'tauniyi munali anthu pafupifupi 19,000. Pofika 1977 anali pafupifupi 99,000. Kalembera wa 2008 anapeza kuti Lilongwe wapitirira Blantyre, ndipo wa 2018 anaŵerenga anthu oposa 989,000.

Tsopano, omvera, tiyeni tituluke mu mzinda, tiloŵere kumwera, ku madera a mafumu monga Chadza, Chiseka, Kalumbu ndi Masula. Kumeneku ndi kumene kuli Nathenje, pa msewu waukulu wa M1 wopita ku Dedza, ndi Mitundu, msika wotchuka umene munthu amafikako akapatuka pa mphambano ya ku Bunda. Anthu a kuno anali oyandikana ndi wopambana mpikisano. Kodi anapatapo chiyani?

Choyamba tiyenera kuona kumene mzinda unayang'ana. Amene anajambula mapulani ake anaugaŵa m'zigawo zinayi zondondozana: tauni yakale, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi. Zonsezi zikuchoka pa mtsinje wa Lilongwe kuloŵera kumpoto. Mafakitale anaikidwa ku Kanengo. Njanji yochokera ku Salima, yomangidwa ndi thandizo la Canada, inafika kumeneko mu 1979, ndipo okushoni ya fodya inatsegulidwa komweko chaka chomwecho. Bwalo la ndege la Kamuzu, limene linatsegulidwa mu 1983, lili ku Lumbadzi. Tinganene kuti mzinda unafulatira kumwera. Mnyamata wa ku Mitundu wofuna ntchito ya m'fakitale anayenera kudutsa tauni yonse kuti akaime pa chipata cha ku Kanengo, ndipo ambiri anangosamukira m'makomboni a mumzinda.

Komabe kumwerako kunagwa zake. Chachikulu ndi sukulu ya zaulimi ya Bunda, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la America patsinde pa phiri la Bunda, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda, ndipo inakhala nthambi ya University of Malawi mu 1967. Phirilo Acheŵa ankalilemekeza kuyambira kale monga malo opempherapo mvula. Pamalo pamene makolo ankapereka nsembe kuti minda ibereke, zidzukulu zawo zinayamba kuphunzira za nthaka, mbewu ndi ziŵeto. Sukuluyi inabweretsa msewu wabwino, ntchito za m'khola, m'khichini ndi za ulonda, ndiponso ogula tomato, nkhuku ndi mbatata pa msika wa Mitundu. Mu 2012 Bunda inachoka mu University of Malawi n'kukhala maziko a yunivesite yatsopano ya zaulimi ndi zachilengedwe yotchedwa LUANAR.

Chachiŵiri ndi ntchito ya Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank. Cholinga chake chinali choti chigwa cha Lilongwe chidyetse likulu latsopano ndi dziko lonse. Inalambula misewu ya m'midzi, inakumba mijigo, inamanga misika, inapereka feteleza ndi mbewu pa ngongole, ndipo m'madera ena inalembetsa minda ya mabanja mwa njira imene anthu amaikumbukira ndi dzina lakuti ndunda.

Chachitatu ndi msika umene mzinda weniweniwo unakhala. Chimanga, mtedza, nyemba, ndiwo zamasamba, mbuzi ndi nkhuni zochokera ku Mitundu ndi ku Nathenje zimaloŵa mu mzinda m'maŵa uliwonse, pa njinga ndi pa galimoto. Mlimi amene kale ankadikira ogula a boma okha anapeza ogula ambiri pafupi.

Koma mzinda umadyanso. Madzi amene anthu a mu Lilongwe amamwa amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, n'kusungidwa m'madamu aŵiri a Kamuzu ku Malingunde. Nkhalango yomweyo ndi imene yakhala ikudulidwa kuti mzinda upeze makala, mpaka boma linatumizako asilikali kukailondera. Njerwa zomangira nyumba za mumzinda zinaotchedwa ndi mitengo ya m'midzi. Masiku ano, pamene mzinda wadzaza ndipo wayamba kusefukira kumwera, anthu a ndalama akugula minda m'mbali mwa msewu wa ku Bunda ndi wa ku Nathenje. Banja limene lagulitsa munda limaona ndalama zimene silinazionepo, koma ndalamazo zikatha, ana amasoŵa polima.

Mpikisano wa mtundu umenewu sunathere mu 1975. Mu ulamuliro wa Pulezidenti Bingu wa Mutharika kunakonzedwa zomanga yunivesite ya sayansi ndi luso la makono ndi ngongole yochokera ku China. Poyamba inayenera kumangidwa ku Lilongwe, koma Pulezidentiyo anaisamutsira ku munda wake wa Ndata m'boma la Thyolo. Ambiri a Chigawo cha Pakati anadandaula, monga momwe a Kumwera anadandaulira likulu litawachokera. Yunivesiteyo, imene imadziŵika ndi dzina lakuti MUST, inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Amene anapambana mu 1975 anagonja ulendo uno, ndipo maulendo onse aŵiri mawu omaliza anali a mtsogoleri mmodzi.

Tikaika nkhani ya Amazon pambali pa nkhani zathuzi, tiona kusiyana kumodzi kwakukulu. Ku New York anthu anamva zimene atsogoleri awo analonjeza m'dzina lawo, anaŵerengera phindu ndi mtengo wake, ndipo anayankhula mpaka zinthu zinasintha, ngakhale kuti mpaka lero ena a iwo amati mzinda unataya ntchito zambiri pachabe. Kwathu kuno, pa nthaŵi ya chipani chimodzi, anthu amene midzi yawo inasamutsidwa analibe bwalo loyankhulirapo. Lero bwalo lilipo: makhonsolo, makomiti a chitukuko a m'midzi, mafumu, aphungu ndi wailesi.

Tsiku lina kudzabwera kampani yofuna malo ku Mitundu, ku Nathenje, kapena m'boma lanu inu amene mukumvera. Akulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, choncho mlandireni. Koma mbiri imene tafotokozayi ikutipatsa mafunso oyenera kumufunsa tisanasaine. Malo akufunawo ndi a yani, ndipo eni ake adzalima kuti? Mwa ntchito zimene akulonjeza, ndi zingati zidzakhale za ana a m'deralo, ndipo adzaphunzitsidwa kuti? Madzi ndi nkhuni adzazitenga kuti? Misonkho imene boma likumukhululukira ikanamanga makalasi angati? Ndipo akadzaganiza zochoka, adzasiya chiyani? Lonjezo lililonse lilembedwe ndipo liŵerengedwe pa msonkhano wa mudzi, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.