Mbiri ya Nsolo: Kuchoka Pansi pa Mtengo Kufika mu Foni

Ine ndine mlimi wa chimanga ndi fodya. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ndimakonda kufunsafunsa chiyambi cha zinthu. Lero ndabwera ndi mbiri ya masewera a nsolo, amene ana athu masiku ano akuwapeza mu foni.

Choyamba tidziwe kuti masewerawa si a mudzi wathu wokha. Ife ndi abale athu a kutsidya kwa malire, ku Chanida ndi ku Katete, timati nsolo. Kumwera kwa dziko lathu la Mozambique amati ntxuva. Ku Malawi kuli bawo, ku Tanzania amati bao, ndipo ku Ghana kuli oware. Onsewa ndi a banja limodzi: anthu awiri, maenje, ndi miyala kapena mbewu zimene umagawa imodziimodzi.

Ndi masewera akalekale ndithu. Ku Ethiopia ndi ku Eritrea anthu ofukula zakale anapeza maenje otere a zaka zoposa 1,000. M'chaka cha 1658 Mfalansa wina dzina lake Étienne de Flacourt analemba za masewera a mizere inayi amene anawaona ku Madagascar. Ndiye kuti mizere inayi imene timakumba pansi pa mtengo wa mango ija ili ndi mbiri yaitali.

Koma malamulo amasiyana. Pa nsolo aliyense amakhala ndi mizere iwiri. Mwala wako womaliza ukagwera m'dzenje lopanda kanthu la mzere wamkati, moyang'anana ndi miyala ya mnzako, wadya, ndipo miyala wadyayo imachoka m'masewera. Mizere itha kutalika mmene mwafunira, mpaka anthu kumasewera m'magulu. Pa bawo maenje ndi 32 ndipo mbewu ndi 64, tsono zimene wadya sutaya, umazigawanso kumbali yako. N'chifukwa chake pa bawo munthu amene amaoneka kuti watheratu amadzukanso.

Nthawi ya nkhondo, makolo athu ambiri anathawira ku Zambia, ena ku Ukwimi m'boma la Petauke, ena ku Malawi. Atate anga amanena kuti kumeneko amuna opanda minda ankatha tsiku pa nsolo, ndipo a madera osiyana ankakangana za malamulo kenako n'kuphunzitsana. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, anthu anabwerera ndi kaseweredwe kosiyanasiyana. Mukaona madala awiri akutsutsana kuti apa wadya kapena sunadye, mwina wina anaphunzira kwina.

Nanga zinalowa bwanji mu makina? Cha m'ma 1940 munthu wina wa ku America, William Champion, anakonza mtundu wake wosavuta n'kuutcha Kalah. Uli ndi mizere iwiri yokha, maenje 6 mbali iliyonse, ndi nkhokwe imodzi ya aliyense yosungira zimene wadya. M'chaka cha 2000 inatuluka foni ya Nokia 3310, ndipo mkati mwake, pambali pa kanjoka kaja, munali masewera otchedwa Bantumi, omwe ndi Kalah yemweyo. Ambiri a ife tinayamba kulimbana ndi makina pamenepo.

Akatswiri a kompyuta sanalekere pomwepo. Mu 1997 kompyuta ya Deep Blue inagonjetsa katswiri wa chess wa dziko lonse, Garry Kasparov. Mu 2002 anthu awiri a ku yunivesite ya ku Amsterdam, John Romein ndi Henri Bal, anawerengetsa ndi makompyuta kakhalidwe konse ka mbewu pa awari, m'bale wake wa oware, wa maenje 12 ndi mbewu 48. Anapeza makhalidwe oposa 889 biliyoni, ndipo yankho linali lakuti onse awiri akasewera osaphonya, palibe wopambana. Mu 2007 gulu la Jonathan Schaeffer ku Canada linapezanso chimodzimodzi pa drafti ya Chingerezi. Eti anzanga, makina kugwira ntchito yonseyo kuti atiuze kuti anzeru awiri amafanana mphamvu!

Ine ndimasewera pa foni madzulo ndikaweruka kumunda, batire ikalola. Ubwino wake ndauona. Foni siiba mwala, siikwiya, ndipo imakuphunzitsa kuwerenga patsogolo. Koma chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi: masewera ambiri amene ana akutsitsa ndi a mizere iwiri, a Kalah aja. Mwana akuti akudziwa nsolo, koma mukamukhazika pa mizere inayi sadziwa poyambira. Komanso foni ilibe anthu oonerera, ilibe nthabwala, ilibe nkhani za mitengo ya fodya ndi milandu ya m'mudzi zimene zimakambidwa pa nsolo. Agogo amene amadziwa kaseweredwe kathu akutha mmodzimmodzi, ndipo malamulo awo ali m'mutu mwawo basi.

Tsono pempho langa kwa kalabu ndi ili. Tikatha kukolola, tikonze mpikisano wa nsolo pakati pa midzi. Mwana aliyense wodziwa za pa foni akhale pambali pa mkulu mmodzi. Alembi athu alembe malamulo monga akuluwo atiuzira, mudzi ndi mudzi, ndipo tipemphe a wailesi kuti adzajambule mawu awo. Sizifuna ndalama ayi: khasu lokumbira maenje, miyala ya kumtsinje ndi mthunzi, basi.

Amene muli ndi kaseweredwe kosiyana ndi kamene ndafotokozaka, bwerani nako ku msonkhano wa kalabu tidzamve.