Mmene Uzimba Unathera Kumadzulo kwa Lilongwe

Mvula ikakata m'mwezi wa Epulo, dziko la Achewa limalowa m'nyengo ya masika. Chimanga chimauma, mitsinje imayamba kuphwa, ndipo khasu limapachikidwa. Kwa makolo a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, iyi inali nyengo yotembenukira kuthengo ndi kudambo kukafuna ndiwo.

Ntchitoyi inkayamba ndi zazing'ono. Anyamata ankatchera madiwa m'minda yokololedwa ndi kukumba mbewa, makamaka kapuku wonona uja. Amayi ndi ana ankagwira ziwala ndi bwamnoni. M'mitsinje ya Bua, Namitete ndi Nambuma abambo ankamanga mabiyo natcheramo miono yogwirira milamba ndi matemba. Ena ankathira katupe m'maiwe kuti nsomba ziledzere, ngakhale kuti njira imeneyi inkapha ndi tiana tomwe.

Udzu ukaumitsitsa, cha m'ma Ogasiti, mpamene mwini dziko ankalengeza uzimba. Umenewu sunali ulenje wa munthu mmodzi ayi. Amuna a midzi ingapo ankasonkhana mbandakucha atatenga mauta, mikondo, zibonga, maukonde ndi agalu. Ankazinga tchire, naliyatsa moto, ndipo agwape, mbawala, mphoyo, akalulu ndi nguluwe zinkathamangira kumene alenje abisala. Uzimba unali ndi malamulo ake. Nsembe inkayamba yaperekedwa kwa mizimu, ndipo usiku wotsogolera tsikulo mwamuna sankayenera kukhala malo amodzi ndi mkazi wake, kuopa ngozi kutchire. Nyama inkakhala ya munthu amene wayamba kuilasa, osati amene waitsiriza, ndipo mwini dziko ankalandirako mwendo. Milandu yolimbirana nyama sinkasowa, koma mfundo yaikulu inali yoonekeratu: tchire linali ndi mwini wake, ndipo munthu sankaliyatsa mwa kufuna kwake.

Boma la atsamunda litakhazikika m'chaka cha 1891, linayamba kuika malamulo a nyama zakuthengo. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, inakhala yotetezedwa m'chaka cha 1922. Lamulo la 1926 linaletsa njira zambiri zimene Aafirika ankasakira nyama, pamene Mzungu wogula chiphaso ankaloledwa kuwombera ndi mfuti yake. Amishoni ena analidzudzula lamuloli poona kuti nyama zinkaononga minda ya anthu amene analibenso ufulu wozipha. Munthu amene agogo ake ankamutcha mlenje tsopano anasanduka wakuba.

Komabe kungakhale kulakwa kusenzetsa lamulo lokha mlandu wonse. Askari anali ochepa, midzi inali yambiri, ndipo anthu ankasakabe mozemba. Chimene chinathetsadi uzimba ndi fodya. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920, A. F. Barron wa ku Mbabzi ndi mnzake R. W. Wallace anayamba kulimitsa anthu a m'boma la Lilongwe fodya wa chikopa. Alimi anachuluka msangamsanga, kotero kuti m'chaka cha 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira ulimiwu. Fodya wa chikopa amafuna mitengo kawiri: yomangira zigafa ndi yofukizira masamba. Amafunanso mphanje yatsopano. Chaka ndi chaka misuku, miwanga ndi mitondo inkagwa, ndipo nyama zinkasowa pobisala. Kuonjezera apo, masika amene kale anali nyengo yopumula anasanduka nyengo yosankha fodya ndi kupita naye kumsika.

Chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chinayamba m'chaka cha 1968 ndi ngongole ya World Bank, chinatsiriza zimene fodya anayamba. Chinabweretsa misewu, mijigo ndi misika, zinthu zimene anthu anazilandira ndi manja awiri. Koma chinayezanso minda ndi kuika malire, mwakuti tchire lopanda mlimi linatsala lochepa kwambiri. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, anthu a mumzinda anafuna nkhuni ndi makala, ndipo nkhwangwa zinalowera ku Dzalanyama komwe.

Lero nyama zakuthengo zimatetezedwa ndi lamulo la 1992, limene linakhwimitsidwa m'chaka cha 2017 kotero kuti wopha nyama zina, monga njovu, angathe kukhala m'ndende zaka mpaka 30. Wophunzira wa ku Kabudula wofuna kuona njovu ayenera kukwera galimoto kupita ku Kasungu National Park. Kwawo kwatsala ulenje waung'ono uja. Masika akafika anyamata amakumbabe mbewa, ena nakaziimika pa timitengo m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ndipo pofuna kuona mauna ake amayatsa tchire ndi mapesi osapempha kwa mfumu iliyonse.