Dzina la Pillay: Kuchokera ku Madras Kufika ku Durban

Inu amene munakagwirako ntchito ku Durban mukukumbukira kuti pakati pa Amwenye a mumzindawo dzina la Pillay limamveka paliponse, m'sukulu, m'chipatala ngakhale pamsika. Ambiri timayesa kuti ndi mfunda, monga Phiri kapena Banda. Komatu silinayambe chotero.

Eni ake a dzinali ndi Atamil, anthu a kum'mwera kwa India ndi kumpoto kwa Sri Lanka. M'chinenero chawo mawu oti pillai amatanthauza mwana. Ngakhale mulungu wawo wa mutu wa njovu uja, Ganesha, amamutcha Pillaiyar, ndiko kunena mwana wolemekezeka. Kalelo mawuwa anali a ulemu chabe, oikidwa pamapeto pa dzina la munthu, makamaka pakati pa a Vellalar, eni minda, ndiponso alembi ndi owerengera chuma. Wotchuka mwa iwo anali Ananda Ranga Pillai, womasulira ndi mkhalapakati wa malonda wa bwanamkubwa wa Chifalansa, Dupleix, ku Pondicherry. Buku limene ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, kuyambira 1736 kufikira 1761, akatswiri a mbiri yakale akuliwerengabe. Dzina la banja lopatsirana mibadwo yonse Mtamil analibe. Ankadziwika ndi dzina la mudzi wake, la atate ake, kenaka lakelake.

Chimene chinasandutsa ulemuwu kukhala dzina la banja ndi nzimbe. Ukapolo utathetsedwa m'maiko a Angerezi mu 1834, eni minda anatembenukira ku India kukafuna antchito a pangano la zaka zisanu. Chilumba cha Mauritius ndicho chinayamba, chaka chomwecho. Ku Natal, sitima yotchedwa Truro inakocheza ku Durban pa 16 Novembala 1860 kuchokera ku Madras, itanyamula anthu oposa 300, ndipo pofika mu 1911 anali atafika anthu okwana ngati 152,000, ambiri a iwo ochokera kum'mwera kwa India. Kalaliki ankalemba dzina la munthu, la atate ake, fuko lake ndi mudzi wake, nkumpatsa nambala. Ankalemba monga khutu lake lamvera, ndipo Pillai anasanduka Pillay. Patsogolo pake, pamene sukulu ndi maofesi a boma anafuna dzina lachiwiri monga mwa mwambo wa Azungu, mabanja ambiri anatola limeneli.

Pano mpamene nkhani ikomera. Ku India fuko limene munthu wabadwiramo linkalamula ntchito yake, wokwatirana naye, ngakhale wodya naye. M'sitima malamulo amenewa anasweka, pakuti onse ankagona malo amodzi ndi kudya za mumphika umodzi. Tsidya lino panalibe mkulu wa mudzi woti atsutse, choncho ena amene kwawo sakanaloledwa kutchedwa Pillai anadzitcha okha. Alipo onena kuti kumeneku kunali kunama. Ine sindiwaweruza: munthu amene bwana wake amamdziwa ndi nambala ali ndi chifukwa chokwanira chofunira dzina lolemera.

Chodabwitsa nchakuti pamene dzinali linkamera mizu ku Natal, ku Mauritius ndi ku Fiji, kwawo linkafota. Mu 1929 mtsogoleri E. V. Ramasamy, amene anthu anamtcha Periyar, anataya poyera dzina la fuko lake, Naicker, nalimbikitsa anzake kuchita chimodzimodzi, ponena kuti maina otere ndiwo nsanamira za tsankho. Atamil ambiri a ku India anabwerera ku chilembo choyamba cha dzina la atate awo ndi dzina lawolawo basi.

Amene analifikitsa kutali dzinali ndi Mayi Navanethem Pillay, mwana wa woyendetsa basi, wobadwira ku Durban mu 1941. Iwo analitenga pokwatiwa. Mu 1967 anakhala mkazi woyamba wosakhala Mzungu kutsegula ofesi yakeyake ya uloya ku Natal, namaimira omangidwa chifukwa chokana tsankho. Kuyambira 2008 kufikira 2014 anali mkulu woona za ufulu wa anthu ku United Nations. Koma ntchito yawo yaikulu inachitikira ku Arusha, kumene anali mmodzi wa oweruza atatu pa mlandu wa Jean-Paul Akayesu wa ku Rwanda. Mu 1998 bwalo limenelo linagamula, koyamba m'mbiri ya makhoti a maiko onse, kuti kugwiririra akazi kungathe kukhala mbali ya mlandu wopulula mtundu wa anthu.