Pamene chimanga chinali chakudya chachilendo

Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka zitatu, ndipo pa mbale yake amafuna zinthu ziwili chabe: nsima ndi supu. Chibwabwa amakankhila pambali, kapenta amalavula, delele safuna n'kuiona komwe. Amai ake ayesa kunyengelela, ayesa kukalipa, zonse zakanga. Ambuya amati ana a m'tauni ndi osankha. Ine ndiona ngati kamwanaka kanangotengela ife akulu. Ndani wa ife amene amati wadya ngati wagonela mpunga kapena kandolo?

Koma nsima yoyela imene timalumbilila si yakale monga tiganizila. Chimanga kwao ndi ku Mexico, ndipo chinafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi chaka cha 1500 chitapita. Makolo athu anali kudalila mapila ndi mawele. M'zaka za m'ma 1930, Audrey Richards, wofufuza wa ku Britain, anakhala pakati pa Abemba n'kulemba buku lochedwa Land, Labour and Diet in Northern Rhodesia, limene linatuluka mu 1939. Iye anaona anthu akudya chimanga chowocha, zinkhupule zinai kapena zisanu, kenaka n'kudandaula kuti sanadye kanthu tsiku lonse. Kwa iwo chakudya chinali ubwali wa mawele. Chimanga chinali chongotafuna podikila chakudya.

Nanga chinalanda bwanji mpando? Migodi ndiyo inayamba. Pamene migodi ya kopa inatseguka ku Luanshya, Nkana ndi Mufulira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, makampani anali kupatsa anchito chakudya chamlungu ndi mlungu, ndipo chachikulu chinali unga wa chimanga, cifukwa unali wochipa ndiponso wosavuta kunyamula pa sitima. Munthu wochokela kumudzi anaudya lelo, mawa, mkuja, mpaka lilime linazolowela. Mu 1936 boma la atsamunda linakhazikitsa Maize Control Board. Titalandila ufulu, boma la a Kaunda linapitiliza ndi NAMBOARD: feteleza wochipa, msika wotsimikizika, unga wotsika mtengo m'matauni. Mlimi wa mapila analibe zimenezi, ndiye anasiya.

Pofika mu December 1986, mtengo wa unga wa breakfast utakwela, anthu a ku Copperbelt anachita zipolowe. Mu June 1990 zinachitikanso mu Lusaka. Chakudya chimene ena mwa agogo athu sanali kuchiwelengela chinasanduka chinthu chofela m'zaka makumi asanu chabe.

Kusankha kwathu kunafika mpaka pa mtundu. Pa chilala cha 1992 kunabwela chimanga chachikasu chathandizo, ndipo ambili anachitenga ngati chakudya cha njala kapena cha ziweto. Chimanga cha orenji, chimene chili ndi vitamini A, chitatulutsidwa muno mu 2012, nchito yaikulu inali kutsimikizila anthu kuti si chija cha 1992. Njila imodzi inali kuphika nsima yake pagulu, anthu alawe okha.

Mtengo wa mbale yopapatiza imeneyi amalipila ndi ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbila. Nsima imakhutitsa, koma payokha sikulitsa mwana. Pafunika nyemba, nshawa, mazila, kapenta, bondwe, maungu, zipatso.

Zimene migodi inachita ku malilime athu popanda kuganizila, katswili wa ku America, Leann Birch, anaziyesa pa ana m'zaka za m'ma 1980. Anapeza kuti mwana amayamba kukonda chakudya chatsopano akachilawa kambilimbili, nthawi zina kakhumi kapena kupitilila. Anapezanso kuti mwana wokhala pakati pa anzake amene akudya ndiwo zamasamba zimene iye amakana, posakhalitsa amayamba kuzitenga yekha. Ndipo kuuza mwana kuti atsilize ndiwo kuti alandile switi kumangopangitsa ndiwozo kuoneka ngati chilango.

Apa ambuya akanaseka, chifukwa kumudzi ana anali kudyela m'mbale imodzi, wamng'ono akuona dzanja la mkulu wake likupita pa delele. Ife timapatsa mwana kambale kake, timamuikila katuni pa foni, ndipo akakana chibwabwa kawili timati sachikonda, basi.

Mlongo wanga wasiya kukalipa. Madzulo alionse amaika supuni imodzi ya chibwabwa chosashila pambali pa nsima, amakhala pansi n'kudya nae, osakambapo kanthu. Masiku asanu ndi atatu oyamba supuniyo inabwelela ku khichini monga inabwelela. Dzulo kamwanako kanaviika chala, kananyambita, kanakwinya nkhope, kenaka kanaviikanso.