Immanuel Kant ndi Muyeso wa Nchito Yabwino

M'mudzi waukuru wa Königsberg, m'dziko la Prussia, munabadwa mwana pa 22 April 1724, dzina lace Immanuel Kant. Mudziwo lero uli m'dziko la Russia, ndi dzina lace ndilo Kaliningrad. Atate wace anali mmisiri wosoka zikopa zomangira akavalo, ndi amace anamwalira iye ali wa zaka 13. Analowa sukulu yaikuru ya m'mudzimo m'caka ca 1740, nakhala mmodzi wa aphunzitsi akuru a pomwepo m'caka ca 1770. Sanayende maiko akutali kufikira imfa yace m'caka ca 1804. Koma funso limene analimbana nalo lifika pakhomo pa yense wa ife: kodi nchito ya munthu ikhala yabwino cifukwa ninji?

Masiku amenewo David Hume wa ku Scotland anaphunzitsa kuti ubwino tiuzindikira ndi zimene timva mumtima, si ndi nzeru ai. Ndipo ena anati cabwino ndico cobala cimwemwe. M'buku lace la 1785 Kant anatsutsa zonse ziwiri. Anati cifundo cidza ndi kucoka, ndi zipatso za nchito sizikhala m'manja mwathu nthawi zonse; cabwino cokhazikika ndico mtima wofuna kucita coyenera pa cifukwa cakuti ciri coyenera. Anafanizira mwini sitolo amene sanyenga mwana pamtengo. Akatero poopa kuti ogula angamthawe, wangocenjera. Koma akatero podziwa kuti kunyenga sikuloleka, pamenepo wacita udindo wace.

Nanga udindowo tiudziwa bwanji? Kant anati nzeru zimene munthu ali yense ali nazo zikhoza kuuyesa. Tisanacite kanthu tidzifunse, kodi tikadalola kuti anthu onse azicita comweco? Taonani munthu wosowa amene akongola ndalama, nalonjeza kubweza, podziwa kuti sadzabweza. Onse akadatero, palibe amene akadakhulupira lonjezo, ndipo ngongole yomweyo sikadapezeka. Cotero bodza lace liima pa kukhulupirika kwa anzace, kumene iye mwini akupasula. Anaonjeza kuti munthu mnzathu tisamuyese cipangizo cabe, monga khasu limene tilimira ndi kulitaya. Pakuti katundu ali ndi mtengo, koma munthu ali ndi ulemu wosagulika.

Ciphunzitso cimeneci cinali ndi pouma pace. M'caka ca 1797, poyankha Benjamin Constant, Kant analemba kuti sitiyenera kunama ngakhale kwa wambanda wofunsa kumene bwenzi lathu labisala. Ambiri a iwo omlemekeza sanabvomerezane naye pamenepa, nati kupulumutsa moyo ndiwonso udindo.

Palinso cina cimene sitiyenera kucibisa. M'buku lace la 1764, ndi m'zolemba zina za pambuyo pace, Kant ananyoza anthu a ku Africa, amene sanakhale nao ndi kale lonse, nawayesa operewera nzeru. Apa mphunzitsi anagwa pa muyeso wace womwe, pakuti sakadalola kuti mtundu wace uweruzidwe ndi mphekesera za apaulendo. Atakalamba, m'caka ca 1795, anadzudzula maiko a Azungu olanda dziko la eni ace ndi kuzunza akapolo m'minda ya nzimbe. Koma mau oyamba aja analembedwa, ndipo alipobe.

Tsono tiphunzirapo ici, abale: muyeso woona suopa nkhope, ungakhale nkhope ya iye amene anausema. Nkwapafupi kuyesa nao mnansi wathu. Cobvuta ndico kudziyesa tokha pamene tikongola, pamene tigulitsa cimanga, ndi pamene tilankhula za anthu a mtundu wina amene sitinadye nao nsima.