Zakudya zoonjezera za ana oyamwa

Zakudya zoonjezera ndi zakudya zimene mwana amayamba kupatsidwa pamene akupitirizabe kuyamwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mwana ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6, osapatsidwa ngakhale madzi. Akayamba kudya, apitirize kuyamwa mpaka atakwanitsa zaka 2 kapena kupitirira apo.

Nthawi yoyambira

Mwana akakwanitsa miyezi 6, mkaka wa m'mawere pawokha sukwaniritsanso zonse zimene thupi lake likufuna, makamaka ayironi amene amathandiza kupanga magazi. Pa msinkhu umenewu ana ambiri amatha kuimika mutu, kukhala pansi atagwiriziridwa, ndiponso kuyasamula akaona supuni. Kuyamba msanga kumachepetsa mkaka umene mwana amayamwa, komanso kumamuika pa chiopsezo cha kutsegula m'mimba. Kuchedwa kuyamba nako kumachititsa kunyentchera ndi kupinimbira.

Kadyetsedwe

Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 amadya kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyambira masupuni awiri kapena atatu, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Kuyambira miyezi 9 mpaka 23 amadya katatu kapena kanayi, ndipo pakati pake amapatsidwa zinthu monga nthochi, papaya kapena mbatata yophika.

Phala

M'Malawi chakudya choyamba cha ana ambiri ndi phala la ufa wa chimanga. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba ya mwana, imene ndi yaing'ono, koma silimupatsa mphamvu zokwanira. Phala loyenera ndi lolimbirako, losayenderera pa supuni. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa suchotsedwa gaga. Pofuna kuti phala likhale lopatsa thanzi, amathiramo nsinjiro, ufa wa soya, dzira, usipa wosinja, masamba osinja kapena mafuta ophikira pang'ono. Likuni Phala ndi chitsanzo cha ufa wosakaniza chimanga ndi soya. A zaumoyo m'Malawi amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta.

Zoyenera kupewa

Uchi suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana chaka chifukwa utha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda ofooketsa minofu. Mtedza wosasinja ungathe kumutsamwitsa. Tiyi amalepheretsa thupi kulandira bwino ayironi, ndipo zakumwa za shuga zimamukhutitsa chabe. Wodyetsa mwana asambe m'manja ndi sopo, ndipo mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti zidziwike kuti wadya zochuluka bwanji.